Tsiku Limene Ndinabwerera Ndekha Poyambira

George, Lusaka
Loweruka masana

Enelesi mwana wanga,

Wapita kukalukitsa tsitsi kwa Bana Mulenga, ndipo manja a mayi aja ndikuwadziwa, subwera dzuwa lisanapendeke. Ndiye ndang'amba mapepala m'kope lako lakale la masamu kuti ndikulembere. Udabwa kuti bwanji osangolankhula, pomwe nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri yomweyi. Chifukwa ndikudziwa pakamwa panga, ndikudziwanso pakamwa pako. Ndikayamba ine iwe uyankha, ine ndibweza, atate ako anyamula wailesi yawo n'kukakhala pansi pa mpapaya, ndipo mawa ukwera ndege usanamve kanthu. Pepala ndalikonda chifukwa sungalidule mawu.

Sutikesi ndalongedza. Juzi ziwiri zili pansi, chiwawa chofutsa, masamba a maungu aja, ndi nsinjiro zili m'chitini cha mkaka, akakufunsa pa bwalo la ndege udzati ndi mankhwala a mtima. Koma si za sutikesi zimene ndakhalira pansi.

Milungu itatu tsopano iwe ndi mtsikana mnzako Mwape simukulankhulana. Usakane, komboni yonse ya George ikudziwa, ngakhale amayi a pa mpopi amene sadziwa kusiyana kwa viyola ndi chikwanje. Tsono tamvera. Sukulu ya nyimbo ya kutsidya kwa nyanja ija sinaitane Enelesi Phiri. Inaitana anthu anayi: anyamata awiri a mavayolini aja, iwe ndi viyola yako, ndi Mwape ndi chelo chake, chivayolini chachikulu cha mawu a pansi chija. Kalata yawo ndinaiwerenga katatu, ndipo Chingerezi ndinakhoza bwino kuposa iwe. Akukutengani monga gulu limodzi, ndipo gulu likasweka nonse anayi mubwerera kwanu. Mkwiyo wakowo ukhoza kubweza ana a anthu atatu ku komboni asanaone n'chisanu chomwe.

Ndipo Mwape analakwanji? Ananena pamaso pa aphunzitsi anu kuti viyola ikuthamanga. Mwanawe, ndakhala ndikukumvetsera pazenera ndikuchapa. Umathamangadi. Pa malo ofulumira paja umakhala ngati wamva kuti kusitolo kwafika saladi, mafuta ophikira osowa aja.

Usakwinye nkhope, sindinathe. Anthu akamati ine ndi iwe tili ngati munthu ndi mng'ono wake ndimanyada, poti ndinakubereka ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndipo m'chiuno simunasinthe kwenikweni. Koma tafanananso pa chinthu chimene sindinyadira. Ndikufotokozera zolakwa zanga kuti iwe ukalakwe zako zatsopano, osati kubwereza zanga ngati diresi la salaula lovalapo kale wina.

Ufulu utangobwera, azungu ambiri popita kwawo anasiya zinthu zimene zinakana kulowa m'mabokosi. Ku sukulu ya mishoni kumene ndinkaphunzira kunabwera zoimbira zingapo, ndipo sisitere wina wokalamba anayamba kutiphunzitsa Loweruka lililonse. Atsikana onse ankafuna vayolini chifukwa ndi imene imaimba pamwamba, anthu n'kumaiyang'ana. Ine anandipatsa viyola, yokulirapo pang'ono, ya mawu a pakati, akuti chifukwa manja anga ndi aatali. Ndinakwiya teremu yathunthu. Nditabwera ku Lusaka kudzagwira ntchito ya taipi ndinapeza anzanga atatu. Ba Chanda, aphunzitsi ako omwewo, nthawi imeneyo anali kalaliki wowonda wochokera ku Mufulira, ndipo ndiwo ankaliza vayolini yoyamba. Agnesi ankaliza yachiwiri. Ba Tembo, telala wa ku Chawama, ankakumbatira chelo pakati pa mawondo ngati akuchinyengerera kuti chidye. Tinkakonzekera m'holo ya tchalitchi ku Matero, Lachiwiri ndi Loweruka. Zaka zisanu tinaimba pa maukwati, m'mahotela, m'masukulu, m'nyumba za akazembe. Tinakwera sitima mpaka ku Kabwe, ku Ndola, ku Livingstone. Anthu a kuno ankati, "Vija vilimba va azungu volira monga udzudzu," koma tsiku la ukwati wa mwana wawo ankabwera okha kudzatipempha.

Cholakwa changa choyamba chinali kufuna kumveka. Pa ukwati wina ku Kalingalinga ndinaona azakhali anga akhala kutsogolo, ndiye ndinakanikiza uta pa nsambo kuti adziwe kuti mwana wa mlongo wawo ndi amene akuimbayo. Ndinaphimba Agnesi, ndinaphimba Ba Chanda, ndikanatha ndikanaphimbanso abusa. Titamaliza Ba Tembo anandiitanira pambali, akupukuta thukuta ndi kansalu kotsala posoka.

"Jesina, iwe ni mchere," anatero. "Mchere ukasowa mu ndiwo aliyense adziwa. Koma ukamveka pa lilime, ndiye kuti wophika walakwa."

Ndinawayankha kuti iwo ndi chigayo cha dizilo. Anaseka, koma za mcherezo ananena zoona. Enelesi, ntchito ya viyola ndi kumva. Khutu limodzi likhale kwa chelo, lina kwa mavayolini, iwe mwini udzimve ndi chimene chatsala. Munthu amene wakwiyira chelo wagontha khutu limodzi.

Cholakwa chachiwiri chinali lilime. Bokosi la chelo cha Ba Tembo linathyoka, ndiye kalipentala wa ku Chawama anawakhomera lamatabwa, nalipaka penti wakuda. Tikakwera nalo basi amuna ankavula zipewa, azimayi n'kutipatsa malo akupukusa mitu, poganiza kuti tanyamula maliro a mwana. Ba Tembo ankangozyolika, chifukwa malo okhala ankawafuna. Iwe uli khanda ndinakugonekamo kangapo pa nthawi yokonzekera, ambuye ako atamva anandikalipira sabata yathunthu. Tsiku lina mayi wina wonenepa anazindikira kuti si maliro, nayamba kulalata kuti tikunyenga anthu ndipo bokosi likumuponda phazi. Ine ndinamuuza kuti phazi ngati limenelo likufunika basi yakeyake. Basi yonse inaseka, ine n'kudzimva ngati mfumukazi. Titafika kumene tinaitanidwa, kunyumba kwa apampando a nthambi ya Chipani, amene anatitsegulira chitseko anali mayi yemwe uja. Anali mkazi wa apampando. Anzanga atatu anadya nkhuku ndi mpunga. Ine anandipatsa madzi m'kapu ya pulasitiki, ndipo anaima pomwepo mpaka ndinamwa onse. Kumene ukupitako sudziwa kuti ndani ndi ndani. Mawu okoma akafika pakamwa, awerenge kaye anthu amene ali m'chipindamo.

Tsopano chachikulu, chimene chandipangitsa kung'amba kope lako.

Iwe wakula ukudziwa kuti Ba Chanda anandichititsa manyazi dala pamaso pa anthu, gulu lathu n'kutha. Ndi zimene ndinakuuza, ndi zimene ndinauza aliyense. Wakula ukuona amako akukutumiza ku Matero kukaphunzira kwa munthu amene sampatsa moni, chifukwa mu Lusaka monse palibe wina wodziwa kuphunzitsa ngati iye, ndipo ine ndine wokwiya koma sindine chitsiru. Zaka zisanu ndi zinayi wakhala ukunyamula timakalata ta "Uzani aphunzitsi" ndi "Uzani amayi ako," ngati kuti Matero ndi George ndi mayiko awiri apankhondo. Lero umve mmene zinakhaliradi.

Tinaitanidwa kukaimba m'holo yaikulu m'tauni. Kunali akazembe, kunali akuluakulu a Chipani, a wailesi anabwera ndi zingwe zawo kuti dziko lonse limve nthawi yomweyo. Kunalinso mayi wina wachizungu amene tinauzidwa kuti akatikonda adzatiitana kukaimba kwawo. Kutatsala sabata imodzi, tikukonzekera ku Matero, Ba Chanda anaimitsa nyimbo n'kunena, anzathu akumva, "Ba Jesina, mulowa mochedwa monga basi ya ku George."

Agnesi anaseka. Ba Tembo anadzikhosomoletsa. Ine ndinatseka pakamwa, ndipo sindinatsegulenso kwa munthu ameneyo. Akalankhula ndinkatuluka panja. Choipitsitsa, ndinakweza choikapo mapepala anga a nyimbo mpaka chinabisa nkhope yake, kuti ndisamuone n'komwe.

Ukudziwa bwino tanthauzo la zimenezo. Gulu la anayi lilibe munthu woima kutsogolo ndi kamtengo ngati kwaya. Woyendetsa ndi mpweya wa vayolini yoyamba. Akakoka mpweya, tonse talowa. Akakweza nsidze, tachepetsa. Akaweramira kutsogolo, tathamanga. Ine ndinadzichotsera ndekha maso, n'kumayenda ndi kuwerenga kokha, wani, thuu, fili, folo, ndikudziuza kuti pepala ndi lokwanira.

Tsiku lija bwana wamkulu amene tinkamudikira anafika mochedwa kwambiri, ndipo okonza mwambo anatipempha kuti tifupikitse. Nyimbo imene tinkayamba nayo inali ya mzungu wina wakalekale, ndipo pothera pa gawo loyamba pali timadontho tiwiri tija totanthauza kuti bwererani poyambira muimbenso. Zaka zisanu zonse tinkabwereza. Kuseri kwa nsalu Ba Chanda anatsegula pakamwa kuti anene kuti lero sitibwereza, tingopitirira. Atangoti "Anzanga," ine ndinali nditatuluka kale, monga mwa mwambo wanga wa sabata imeneyo. Anatuma Agnesi. Anandipeza pakhonde ndikupaka utomoni pa uta.

"Jesina, Ba Chanda bakuti..."

"Vimene bakuti Ba Chanda bakauze ambuye bao ku Mufulira."

"Koma ni va nyimbo, mwandi."

"Nyimbo nili nayo pa pepala."

Agnesi anali wofatsa, ankandiopa. Anabwerera akuganiza kuti tikakwera pabwalo ndikaona chizindikiro cha Ba Chanda. Ndipo tinayamba bwino, Enelesi, sitinaimbepo bwino chotero. M'holo munali zii, ngakhale bwana wamkulu anasiya kunong'oneza mnzake. Tinafika pa timadontho tija. Anzanga atatu anapitirira kutsogolo. Ine ndinabwerera poyambira, ndekhandekha, ndi mtima wonse.

Ba Tembo anandiuza pambuyo pake kuti Ba Chanda anakweza nsidze mpaka zinatsala pang'ono kulowa m'tsitsi. Anagwedeza mutu, anagogoda nsapato, anatsala pang'ono kuimirira. Ine ndinali kuseri kwa mapepala anga. Ndinamva kuti zinthu sizikugwirizana, inde ndinamva. Ndipo ukudziwa chimene amako anaganiza? Anaganiza kuti anthu atatu asokera nthawi imodzi. Ndiye ndinakweza mawu kuti ndiwathandize kupeza njira. Ndinapitirira choncho mpaka Ba Chanda anatsitsa vayolini n'kuiika pa bondo, enawo n'kusiya, viyola yokha n'kumalira m'holo monse ndi pa wailesi ya dziko lonse, ikuimba "pa, pa, pa, pa" wa pakati amene alibe n'kanyimbo komwe. Bwana wamkulu anaganiza kuti tamaliza, anaomba m'manja, ndipo poti anaomba ndi iye, holo yonse inaomba.

Madzulo ake kuno ku George anandilandira ngati ndabwera ndi chikho. "Tinakumvani pa wailesi, Amake Enelesi, pothera paja munaimba mweka, benangu bonse banalema." Atate ako mpaka lero amati ndi malo amene anawakonda kwambiri. Koma mayi wachizungu uja anadziwa chimene anamva, ndipo kalata yake sinabwere.

Zikanathera pomwepo tikanaseka chaka chotsatira. Magulu onse amagwa pabwalo, amadzuka, n'kukaimbanso Loweruka. Chimene chinapha gulu lathu si timadontho tiwiri. Ndi chakuti Lachiwiri lotsatira sindinapite ku Matero. Kunali kosavuta kunena kuti anandibisira dala kusiyana ndi kunena kuti ndinatseka makutu. Ba Tembo anabwera kuno kawiri pa njinga kudzandinyengerera, ndinawaphikira tiyi n'kuwauza za mvula. Anafunafuna wina woliza viyola, koma nthawi imeneyo mu Lusaka munthu wakuda wodziwa viyola ndinali ine ndekha, ndipo ndinkadziwa zimenezo, n'chifukwa chake ndinkagona tulo tabwino. Ndinkayembekeza kuti abwere onse atatu adzagwade. Sanabwere. Agnesi anapita kukaphunzira unamwino ku Kitwe. Ba Tembo anabwerera ku makina awo, chelo n'kuchiika pamwamba pa kabati, chomwecho chimene Mwape akuliza lero. Ndinapambana, mwanawe. Ndakhala wopambana zaka khumi ndi zisanu, ndikutaipa makalata a anthu ena.

Ndiye ukapita, uchite izi. Chilichonse chimene mwagwirizana pokonzekera uchilembe pa pepala ndi pensulo, osati bolopeni, chifukwa mawa mudzasintha. Musanakwere pabwalo mufunsane ndi pakamwa kuti tibwereza kapena ayi, ngakhale mwaimba nyimboyo kambirimbiri. Choikapo mapepala chikhale chotsika, uziona nkhope zonse zitatu, ngakhale nkhope imene yakunyansa tsiku limenelo, makamaka imeneyo. Mnzako akati wathamanga, yamba wafunsa kuti pati, kukwiya kubwere pambuyo ngati nthawi ilipo. Ukamaliza kuliza uzimasula uta. Akuti kumeneko m'nyumba amayatsa zotenthetsa zimene zimaumitsa thabwa mpaka kung'aluka, ndiye viyola yangayo usaigoneke pafupi nazo, inapirira fumbi la George, isakafere ku Ulaya. Nsambo kumeneko zili m'sitolo, sudzafunikanso kuchotsa waya wa buleki pa njinga ya atate ako. Anyamata a mavayolini aja ndi abale ako, usakwatiwe ndi aliyense wa iwo, gulu la anayi lili kale ukwati wokwanira. Uzidya. Uzilemba, ndipo ulembe zoona, osati "zonse zili bwino" ngati telegalamu.

Ndikukuona ukuwerenga mlomo uli m'mwamba, ukuti amayi akundiuza za kukhululuka pamene iwo eni sapatsa moni munthu. Ndinadziwa kuti udzatero. N'chifukwa chake m'mawa uno, pamene ndinati ndikupita kukaima pa mzere wa shuga, ndinakwera basi ya ku Matero.

Ndinawapeza Ba Chanda pakhonde akumata vayolini ya mwana wina ndi guluu. Imvi zayamba, mimba yabwera, nsidze ndi zomwe zija. Atandiona anaimirira msanga mpaka guluu anatayika.

"Ba Jesina. Kuli maliro?"

"Kulibe maliro. Muli bwanji, Ba Chanda?"

Anayang'ana kumbuyo kwawo kuti mwina ndikupatsa moni munthu wina. Kenaka anati ali bwino, nandipatsa mpando. Ndinakana kukhala.

"Sininabwere kukukhululukirani," ndinatero. "Va basi ya ku George vija munakamba pa banthu, vinali vamwano, ndipo nikali navo. Nabwera chabe kukuuzani kuti tsiku lija Agnesi anabwera kuniuza, ine ninamupitikitsa. Simunanibise kanthu."

"Niziba," anatero.

"Na kuchedwa, ninali kuchedwadi."

"Na icho niziba."

Enelesi, pamenepo ndinatsala pang'ono kuwonjezera zaka zina khumi ndi zisanu. Ndinagwira chikwama, ndinatembenuka. Koma anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi, n'kunena kuti nawonso zaka zonsezi akhala akudzifunsa chimene chinawaletsa kutuluka okha pakhonde paja, kuima patsogolo panga n'kunena mawu awiri, ngakhale ndikanawalavulira. Akuti ankandiopa kuposa apolisi a pa msewu. Ndinakhala pansi. Akazi awo anabweretsa munkoyo, ndinamwa makapu awiri. Tinakamba za iwe. Akuti m'zaka zawo zonse zophunzitsa sanaonepo khutu ngati lako, ndiponso sanaonepo mwana wokweza choikapo mapepala mmene wayambira kukwezera milungu itatu ino. Akuti ataona zimenezo sanagone.

Sindinawakhululukire, usandinamizire kwa atate ako. Mwina pa Khirisimasi. Koma ndinawayang'ana m'maso ndipo ndinamva zimene ananena mpaka pothera, ndipo sindinafe. Kwa iwe sindikupempha zoposa pamenepo. Mwape ukhoza kumukwiyira mpaka udzakhale ndi zidzukulu, ndi ufulu wako, unayamwa. Koma uzimuyang'ana, ndipo akatsegula pakamwa uzikhala m'chipindamo.

Pochoka ku Matero ndinadutsira kwa amake Mwape. Galimoto imene atate ako apempha kuntchito kuti ikatitule ku bwalo la ndege ndi imodzi, ndipo inyamukira pano m'mamawa. Ndiye tagwirizana kuti Mwape agone kuno lero. Ndikudziwa kuti bedi lako ndi limodzi ndipo bulangete lachiwiri ndalilongedza kale pansi pa sutikesi, sindimasulanso. Mudzaona nokha mmene mungagonere anthu awiri osalankhulana pa bedi limenelo. Abwera ndi basi ya faifi koloko, ali ndi chelo, sutikesi ndi thumba, ndipo kuchokera pa siteji kufika kuno ukudziwa mmene msewu ulili. Atate ako apita kukatsimikiza za galimoto. Ine miyendo yatopa, ndayenda ulendo wa zaka khumi ndi zisanu m'mawa umodzi. Pakhomo pano watsala ndiwe wekha wa manja awiri.

Kalatayi ndaiika pa pilo. Ukamaliza kuwerenga usabwere kukhitchini kudzandiyankha, ndikukazinga nkhuku ya anthu awiri ndipo sindimva. Mangira duku tsitsi latsopanolo, kunja kuli fumbi, uzipita ku siteji.

Ndine amako, amene akunyada nawe mpaka anthu a pa mpopi atopa nane,

Jesina